Laini ya ku Mozambique ija ithetsa mdima kapena ayi?

Wa ku Area 25:
Abale ndithandizeni, dzulo magetsi anathima nyemba zili pa hotipuleti mpaka ndinakabwereka mbaula kwa aneba. Nde ndimafunsa, laini ya magetsi yochokera ku Matambo ku Mozambique kufika ku Phombeya ku Balaka ija, sitingamangokoka magetsi onse amene tikufuna? Cahora Bassa, komwe amapanga magetsi ku Mozambique kuja, ndi chidamu chachikulutu.

Mjomba wa Kawale:
Ayi achimwene sizimayenda choncho. Waya uli ngati paipi ya madzi, uli ndi malire ake, mukaudzaza kwambiri umatentha nkuyamba kulendewera pansi makamaka kukatentha ngati mu Okutobala muno, nde makina amadula okha zinthu zisanapse. Laini ija ndi ya 400kV inde koma matiransifoma aku Phombeya nawo ali ndi mlingo wawo, komanso magiridi awiriwo, kutanthauza mawaya onse a magetsi a kuno ndi a ku Mozambique, amayenera kuyendera limodzi pa liwiro limodzi la 50Hz, mbali imodzi ikagwedezeka kwambiri amawalekanitsa.

Nachisale:
Musaiwale ndalama. Poyambira Malawi ndi Mozambique anagwirizana ma megawati 50 basi, pomwe Kapichira yokha itawonongeka ndi namondwe Ana mu 2022 tinataya pafupifupi 130. Ndipo amalipira ndi madola, amene ngakhale a mafuta amavuta.

Mjomba wa Kawale:
Eya. Komanso mu SAPP, mgwirizano wogulitsana magetsi wa maiko a kumwera kwa Africa, ogula ndi ambiri, madzi ataphwa ku Kariba mu 2024 a ku Zambia nawo ankasaka magetsi omwewo.

Wa ku Area 25:
Hmm chabwino, mbaula ija ndigula yanga basi.