Funso kwa olemba ndi owerenga: akwati a m'buku langa ali ku Siavonga, ndiwatulutse bwanji?

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, landirani moni kuchokera kuno ku Kabwata. Ndabwera kudzapempha nzeru pa buku la nkhani yopeka limene ndikulemba m'Chichewa chathu cha ku Katete, chifukwa ndafika pa mutu wachisanu ndi chiwiri ndipo cholembera chakana kuyenda.

Nkhaniyi ndi ya chikondi, koma ya mtundu uja umene mizimu imalowerera pakati pa anthu awiri okondana. Mwamuna ndi Mchewa wogwira ntchito muno mu Lusaka, ndipo mkazi anakulira ku Matero, ngakhale kuti agogo ake a kuchikazi anali Atonga a m'chigwa cha Gwembe. Atamanga ukwati wa kutchalitchi, awiriwa anyamuka kupita ku hanimuni ku Siavonga. Usiku woyamba angokhala pa khonde kumaonerera nyali za asodzi a kapenta pa nyanja ya Kariba. Usiku wachiwiri mwamuna adzidzimuka napeza madzi ofika m'akakolo m'chipinda chokhoma, m'mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe ngakhale dontho. Usiku wachitatu mkazi palibe pa bedi. Ampeza ataima m'nyanja madzi akulekeza m'mawondo, akulankhula Chitonga chimene sanachiphunzirepo, kwinaku ng'oma ikumveka kuchokera pansi pa madzi.

Maganizo anga oyamba anali akuti wochita zonsezi akhale Nyaminyami, mzimu wa mtsinje wa Zambezi umene amati uli ndi mutu wa nsomba ndi thupi la njoka. Chinandikopa ndi nthano yoti khoma la damu la Kariba, limene linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, linalekanitsa Nyaminyami ndi mkazi wake, ndipo kuti madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958, amene anawononga ntchito ya omanga, anali mkwiyo wake. Ndinaona ngati mzimu wolandidwa mkazi ungachitire nsanje akwati atsopano. Koma nditalemba, nkhani inasanduka ya chilombo chofuna kulanda mkazi wa mwini, ndipo chikondi chimene ndinayambira chinazimirira. Mnzanga wina anandiuza kuti ndisinthe, ndiike apongozi amene sanakondwe ndi ukwatiwo kuti ndiwo akutumiza zimenezi, koma mtima wanga sukufuna kuwonjezera buku lina pa mulu wa nkhani zimene mayi wokalamba aliyense amakhala mfiti.

Funso langa lalikulu ndi ili: gwero la vutoli likhale chiyani kuti nkhani ikhalebe ya chikondi, ndipo mwamunayu athamangire kwa yani, kwa abusa, kwa sing'anga kapena kwa ankhoswe? Ndikufunsanso amayi athu ngati n'kololeka kulemba zina mwa zimene alangizi amaphunzitsa mkwatibwi, popeza ndimafuna kuti mikanda yake ya m'chiuno ikhale ndi mbali m'nkhaniyi.

Yankho la mayi wina wa ku Chilenje:

Mwanawe, ine ndalangiza atsikana kwa zaka zambiri, ndipo ndikuuzani kuti mikanda mukhoza kuitchula, pakuti aliyense amadziwa kuti ilipo, koma mawu a m'nyumba ya chilangizo salembedwa m'buku loti ana asukulu atsegula. Ndiponso simukuwafuna mawuwo. Lembani kuti mikandayo anampatsa ndi mayi ake, amene anailandira kwa mayi awonso, ndipo m'mawa uliwonse akuipeza yonyowa pamene zovala zina zonse zili zouma. Wowerenga wanzeru amva yekha. Pa za kothamangira, kwathu banja likagwedezeka limayamba lapita kwa ankhoswe, chifukwa ndiwo anaikira umboni tsiku la chinkhoswe. Mwamuna wongokwatira kumene amene angapite ndi mkazi wa eni kwa sing'anga, atsibweni a mkaziyo osadziwa, amakhala ndi mlandu ngakhale mkaziyo atachira.

Yankho la bambo wina wa ku Kalingalinga:

Ine mayi anga ndi Mtonga wa ku Lusitu, kumene ena mwa anthu a ku Gwembe anasamutsidwira pomanga damu la Kariba, ndipo bambo anga ndi a ku Chadiza, choncho ndiloleni ndilankhule mbali zonse ziwiri. Nyaminyami mumupeza pa ndodo zosema zimene amagulitsa kwa alendo, ndipo sindikunena kuti musamutchule. Koma agogo anga akamakamba za madzi aja sankalira njoka ayi. Ankalira minda ya m'mbali mwa mtsinje, manda a makolo, ndi malende, malo opatulika opemphererapo mvula, zimene zinamira pamene anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anachotsedwa. Atonga amatsata mtundu wa kwa mayi monga Achewa, ndipo nawonso amati mizimu. Ngati agogo a mkwatibwi wanu anagona pansi pa nyanjayo, ndiye kuti mdzukulu wawo wabwera ndi mwamuna pamwamba pa manda awo, wadya, wagona, popanda wina wowadziwitsa kuti mwana wakwatiwa. Mukufunanso chilombo chanji pamenepo? Ng'oma ija muipatse dzina, ikhale ya budima, imene Atonga a m'chigwa amaimba pa maliro pamodzi ndi malipenga a nyanga otchedwa nyeele.

Yankho la mphunzitsi wina wa ku Chelston:

Ndikugwirizana ndi kukana kwanu za apongozi. Muno m'Zambia lamulo la za ufiti limaletsa ngakhale kuloza munthu kuti ndi mfiti, ndipo tonse tamvapo za okalamba omenyedwa m'midzi chifukwa cha mphekesera zotere. Komabe chenjerani ndi mbali inayo. Mukangolemba kuti anathira ufa pansi pa mtengo ndipo zonse zinatha, buku lanu lisanduka phunziro la miyambo, ndipo achinyamata alisiya pakati. Chikondi chioneke pa zimene mwamunayu ataye. Iyeyu wakulira mu mpingo umene umati nsembe za makolo ndi zachikunja, tsono ayenera kusankha pakati pa kuopa zimene akulu a mpingo anene ndi kugwada pa mchenga pambali pa mkazi wake, kulankhula ndi gogo amene sanamuonepo m'chinenero chimene sachidziwa.

Yankho la wofunsa:

Zikomo kwambiri amayi, ndi inu abambo nonse awiri. Nyaminyami ndimusiya akhale nthano imene woperekera zakudya pa loji auze akwatiwo usiku woyamba, iwo n'kuiseka, ndipo mutu wachisanu ndi chiwiri uyamba ndi mwamuna akuimbira foni nkhoswe yake tambala asanalire. Abambo a ku Kalingalinga, chonde mundifunsireko kwa mayi anu: mkamwini wa mtundu wina akafuna kudziwonetsa kwa mizimu ya kuchikazi, amaloledwa kulankhula yekha, kapena amamulankhulira ndi atsibweni a mkazi? Mutu wotsiriza ukudikira yankho limenelo.