Denga ku Balaka, mwini wake ali ku Germiston

Bambo a Tadala: Abale thandizeni msanga. Nyumba yanga ku Balaka yafika pa ring beam, mamita 12 mulitali, 8 mulifupi, denga la mbali ziwiri. Kalipentala akuti malata a IBR akufunika 60, ndipo ndalama ya ntchito yonse nditumize pa Mukuru iye asanakwere padenga. Mvula ili pafupi. Mmisiri wodalirika ndimudziwa bwanji ndili kuno?

Che Yusufu: Gulani geji 28 achimwene. Nambala ikamakwera lata limapyapyala, 32 ndi pepala, kungopondapo lapindika.

Mayi a Mphatso: Sanafunse za geji Che Yusufu.

A Gondwe: Tiyambe ndi 60 ameneyo. IBR limodzi likakhomedwa limaphimba 686 mm. Pa mamita 12 onjezani 300 mm mbali zonse ziwiri kuti khoma lisamanyowe, ndi 12.6, mugawe ndi 0.686. Akutuluka 19 mbali imodzi, 38 nyumba yonse. Kuchokera pamwamba kutsika mpaka kunsi ndi mamita 4.8 kapena kuposa pang'ono malinga ndi kutsetsereka kwake, ndiye kuti malata a 16 feet. Mufunseni 60 wake ndi autali wanji. Akati wayeza ndi maso, musakeni wina.

A Mbewe: Musamuweruze msanga a Gondwe. Ngati akulumikiza malata afupi awiri, nambala imakwera. Polumikizapo lapamwamba libise lapansi 200 mm, ndipo pakhale thabwa pansi pake.

A Gondwe: Akalumikiza akhala 76, osati 60. Masamu sanama akulu.

Junior: Moni nonse, ndalowa lero. Alipo akudziwa piece job ku Boksburg?

Admin: Iwe, werenga kaye zimene akulu akukambirana. Za ntchito ndi Lachisanu.

A Mbewe: Chodziwira mmisiri ndi ichi. Tumani m'bale akaone nyumba ziwiri zimene anakhoma, zoti zadutsa dzinja limodzi kapena awiri. Asajambule kunja kokha, alowe mkati masana ayang'ane kudenga. Kuwala kukamalowa pa misomali, madzinso amalowa pomwepo. Aonenso mzere wa malata kunsi, ukakhala wokhota ndiye kuti munthuyo sakoka chingwe. Pomaliza afunse eni nyumba, mmisiriyo palibe, ngati anabweranso kudzakonza podontha.

Che Yusufu: Malata amtundu, openta aja, asiyeni, amaitana mphenzi. Aliyense akudziwa zimenezi.

Mayi a Mphatso: Mphenzi imasankha penti? Joni yonse ikanapsa kalekale kkkk.

A Gondwe: Bodza limenelo. Chimene chimaononga malata amtundu ndi grinder. Imawotcha penti podulapo, tizitsulo timagwera pamwamba, mvula yoyamba dzimbiri mbuu. Wodziwa ntchito amadula ndi sizasi ya malata n'kusesa denga akamaliza. Mufunsenso kuti msomali amakhoma pati. Yankho ndi pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi, ndipo ukhale ndi wosha ya rabara. Akamenya mpaka lata kufwaphika, pamenepo padzadontha.

A Mbewe: Nonse mukuthamangira malata, denga limagwa ndi matabwa. Paini wa ku Chikangawa ndi wabwino akauma, koma wauwisi amapindika ali pamwamba kale, misomali n'kumasuka. Matrasi akhale a 2 by 4 kapena 2 by 6, mapelini (matabwa okhomerapo malata) 2 by 3, motalikirana 900 mm. Kuposa mita imodzi ndi 200 mm lata limagonera pakati. Solignum, mankhwala oteteza matabwa, apake matabwa ali pansi, mbali zonse ndi podula pomwe, chifukwa chiswe sichidikira. Chachikulu, trasi iliyonse imangidwe ku ring beam ndi hoop iron kapena waya amene anamizidwa mu konkire. Popanda zimenezi mphepo imanyamula denga lonse ndi matabwa omwe, malata geji 28 ali chikhomere.

Che Yusufu: Oilo wakutha wa galimoto amagwiranso, Solignum ndi wa olemera.

A Mbewe: Amadetsa thabwa, koma chiswe chimalowabe podula.

Mayi a Mphatso: Inu mwandikumbutsa mvula ya Disembala pa malata, chimanga chikutuluka kuseri kwa nyumba, ana akutola ngumbi. Kuno ndi matalala basi.

Junior: Ngumbi zimapezeka kuno mayi?

Admin: Junior.

A Gondwe: Za ndalama tsono bambo a Tadala. Yonse asanakwere ayi. Zipangizo agule m'bale wanu, malisiti ajambule, malata awerengedwe pofika ndi madzulo aliwonse. Ya ntchito igaweni patatu: matrasi akaima n'kumangidwa, malata akakhomedwa, yotsala ridge ikatsekedwa ndipo mvula yamphamvu yagwapo kamodzi. Mulembe papepala, asaine pali mboni, kaya a mfumu kaya a kumpingo. Pepala la TEVETA likakhalapo ndi bwino, koma nyumba zimene anakhoma zimanena zambiri.

A Mbewe: Yodikira mvulayo ikhale yochepa. Wabwino akaona kuti theka lagwidwa amapita kwina, nyengo ino amisiri akulimbiranidwa.

Bambo a Tadala: Ndamuimbira. Akuti owonjezerawo ndi a khonde ndi kitchini yapanja.

A Gondwe: Malata 22 a khonde? Atumize miyeso yake.

Che Yusufu: Pali amene akukwera basi ya ku Blantyre Loweruka lino pa Park Station? Ndili ndi kathumba kakang'ono ka mayi.