Nyali ya pakhonde ija yayambanso kuyaka

Abale, sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake nyali ya pakhonde kuno ku Mufakose ku Harare inasiya kuyaka yokha foni yanga ikagwira wifi ndikamafika kunyumba. Ambiri munati ndi magetsi ozimazimawa, nanenso ndimaganiza choncho, koma ayi ndithu, wolakwa ndine ndemwe! Nditasintha dzina la wifi foni inadzipatsa MAC address ina (nambala imene rauta, kachipangizo kogawa wifi, imazindikirira nayo foni), paja kuyambira Android 10 foni imabisa yake yeniyeni pa netiweki iliyonse, ndiye rauta imangoona ngati kwabwera mlendo, osatumiza kalikonse ku IFTTT, pulogalamu ya pa intaneti imene imayatsa nyaliyo rauta ikaiuza kuti foni yanga yafika. Ndalowa mu setingi za wifi ndasankha MAC ya foni yeniyeniyo, kenako ndapanganso applet ija, lamulo la mu IFTTT loti foni ikagwira wifi nyali iyake. Dzulo ndatsika kombi mdima uli bii, kungofika pageti nyali ngwee. Achimwene munatchula za MAC aja, zikomo kwambiri.