Malipiro a usiku wa pa 24 December ndi nkhani ya Malinauskas

aNaphiri (Salisbury): Abale a ku Adelaide ndithandizeni, andiika shifiti ya pa 24 December kuyambira 4 madzulo mpaka 11 usiku kuja ndimasamala okalamba, ndiye mnzanga wa ku Nepal akuti ndalama yake imakhala yambiri koma abwana sananenepo kanthu. Zoona zimenezo?

Amalume a ku Elizabeth: Zoona mwanawe. Kuno ku South Australia pa 24 ndi pa 31 December kuyambira 7 koloko usiku mpaka 12 imawerengedwa ngati holide ya boma, ndiye maola anu oyambira 7 mpaka 11 akhale pa reti ya holide, oyambirirawo ndi reti ya masiku onse. Kuti ndi zingati zimatengera award (malamulo a malipiro a mtundu wa ntchito yanu) kapena pangano la pantchito panu, ambiri mu zosamala okalamba amalandira kawiri ndi theka. Lowani pa webusaiti ya Fair Work, bungwe la boma loona za malipiro ndi ufulu wa antchito, pali kakalikuleta kake, osamangomvera za mkamwa za abwana ayi.

Che Mbewe (Murray Bridge): Ndipo amene anakoka nkhani imeneyo mu 2012 ndi Peter Malinauskas yemweyu amene ali Premier, mtsogoleri wa boma la South Australia, nthawi imeneyo ali mkulu wa yuniyoni ya ogwira ntchito mmashopu ija ya SDA. Anagwirizana ndi a bizinesi kuti mashopu a mtauni azitsegula pa maholide ena, mmalo mwake antchito alandire mausiku awiriwa ngati holide. Munthuyutu anayambira kukankha matrole ku Woolworths ali mnyamata wa pasukulu, ntchito yomweyi anyamata athu amaidandaula pagulu pano kkkk

Mayi a Tadala: Eh Che Mbewe mwayamba kampeni? kkk. Dzina lakelo mpaka lero lilime limandikana

Che Mbewe (Murray Bridge): Ndi dzina la ku Lithuania mayi, agogo ake aamuna kuchimuna anachokera kumeneko, agogo aakazi ku Hungary, anabwera ngati othawa kwawo nkhondo yachiwiri itatha. Iyeyo anabadwira mu Adelaide momwemuno mu 1980. Anzathu kuntchito amangoti Mali basi. Sindikumuikira kumbuyo koma njira yake ndimaiona, mu 2008 asanakwanitse ndi zaka 30 anali kale mlembi wamkulu wa SDA kuno, 2015 analowa nyumba ya malamulo ya mmwamba ija yotchedwa Legislative Council, anakhala nduna ya apolisi kenako ya zaumoyo, 2018 anapambana mpando wa dera la Croydon mu nyumba ya mmunsi, chaka chomwecho chipani chake cha Labor chinaluza boma ndiye anamusankha kutsogolera otsutsa, kufika March 2022 nkumugwetsa Premier Steven Marshall wa chipani cha Liberal.

Sisi nesi: Achimwene musaiwale kunena kuti 2022 yo anapambanira lonjezo lothetsa ramping, kuja ma ambulansi amandanda panja pa chipatala odwala ali mkati momo chifukwa mabedi adzadza. Ife ogwira mchipatala tikuziona ndi maso, mabedi awonjezera ndithu ndi anthu alemba koma mzere uja sunathe ayi, usiku wina kumapeza a ambulansi akumwa khofi wachitatu wodwala wawo asanalandiridwe. Ndiye tizimuyamika pa za holidezo koma apa ngongole ali nayo.

Amalume a ku Elizabeth: Apo mwanena zoona sisi. Koma poti tatchula za holide, dziwaninso kuti Lamlungu la Pasaka nalonso linakhala holide ya boma kuno kuyambira 2024, kale silinali. Amene mumagwira weekend muzionetsetsa pa payslip.

Kabaza Uber: Nanga ngati ndi mwana wa obwera bwanji osangomulembera kalata atithandize ma visa? Ine visa yanga ya 491 ndikudikira mpaka ndevu zayamba kuyera

Amalume a ku Elizabeth: Apa ndi pamene ambiri timasokoneza. Premier ali ndi boma la state, visa amapereka ndi a boma la federal ku Canberra, a unduna wa Home Affairs. Boma la state limangokusankha, nomination ija ya 190 kapena 491, zikachoka pamenepo mphamvu alibe. Ndiye za visa pitani kwa MP wa federal wa dera lanu, koma za lendi, laisensi ya galimoto, sukulu ya ana, chipatala, basi ndi sitima, zimenezo ndi za MP wa state. Alipo 47 mu nyumba ya mmunsi, aliyense ali ndi ofesi mdera lake ndipo safunsa ngati mumavota, bola mumakhala mderalo. Kumeneko simuchita kunyamula nkhuku kapena kudikira pageti mmawa ngati kwa bwana MP kumudzi, mumangotumiza imelo kapena kulowa, mumapeza antchito ake ndi amene amayendetsa nkhani.

Mayi a Tadala: Zimenezo ndikuvomereza. Ife a ejenti wa nyumba anatikakamira bondi, ndalama ya chikole ija ya polowa m'nyumba, titasamuka, akuti kapeti inada, chonsecho tinali ndi zithunzi za tsiku lolowa. Ku ofesi ya MP wathu mtsikana wina anakhala nane pansi nkundionetsa kuti bondi simakhala kwa ejenti imakhala ku ofesi ya boma ya Consumer and Business Services, ndipo mukakanika kumvana nkhani imapita ku SACAT, bwalo loweruza milandu yotere. Anandithandiza kulemba, ndalama inabwera yonse. Ndiye anzanga jambulani nyumba musanalowetse ngakhale mpando umodzi, makona onse, uvuni ndi mkati momwe.

aNaphiri (Salisbury): Zikomo amalume ndi nonse. Koma ndikafunsa abwana za reti sandichotsa mashifiti? Ndine casual ine komanso ndili pa student visa

Che Mbewe (Murray Bridge): Lamulo limaletsa kukulangani chifukwa chofunsa malipiro anu, kaya muli pa visa yanji. Funsani pa meseji osati pakamwa kuti umboni utsale, ndipo muzilemba maola anu mu kabuku. Yuniyoni nayo simakana munthu wa visa. Koma samalani maola 48 aja amene a student visa amaloledwa kugwira ntchito pa masabata awiri, malirewo amachoka sukulu ikakhala pa tchuthi chovomerezeka basi, muone kalendala ya koleji yanu kaye musanavomere mashifiti onse a December.

Sisi nesi: aNaphiri payslip ikatuluka mundiponyere ku inbox mutabisa dzina ndi TFN, nambala yanu ya msonkho ija, ndikuwerengerani. Ena amaika maola onse pa mzere umodzi ndiye simungaone msanga kuti a usiku aja alowa pa reti iti.