Pikapu ya gulu: tigule ya manual kapena ya otomatiki?

Mlembi: Abale ndi alongo, moni nonse. Pamsonkhano wapita uja tinamanga mfundo yoti ndalama tasonkhazi zigule pikapu yonyamula simenti, mapaipi ndi malata a ntchito yathu yomanga, komanso yothamangira ndi odwala kuchipatala usiku. Komiti yapeza magalimoto awiri oyendapo kale. Onse ndi Toyota Hilux ya 2017, injini ya dizilo ya 2.8, komanso ndi 4x4. Asiyana pamodzi pokha: ina ndi ya manual, inayo ndi ya otomatiki. A Wapampando ati tikambirane kaye pano tisanalipire.

Bambo Phiri: Apa palibe chochedwera. Galimoto ya ntchito ndi ya manual. Batire ikafooka muli patchire, anyamata anayi akankha, inu mwaponya giya yachiwiri, mwatula klatchi, yalira, ulendo ukupitirira. Ya otomatiki mungakankhe mpaka dzuwa kulowa, siilira. Ndayendetsa malole zaka zoposa 20, ndikudziwa chomwe ndikunena.

Anabanda: Malume, zoti mumadziwa galimoto palibe angatsutse. Koma ine funso langa ndi lina: adzayendetse ndani? Mwa ife amene tikukhala pafupi ndi pomwe galimotoyi izigona, a ziphaso tilipo asanu. Atatu, ine ndemwe, sitinayendetsepo ya manual chichokereni kusukulu yoyendetsa. Mwezi watha mayi wina anayamba kutaya magazi 2 koloko usiku. Galimoto inalipo pakhomo, makiyi ali m'manja mwanga, koma inali ya manual. Ndinayesa katatu, katatu konse inazima. Tinachita kukadzutsa mwini wake kutsidya, mayi uja ali gone pamphasa, akutiyang'ana. Anapulumuka, koma zimene zija sindifuna kudzazionanso.

Bambo Phiri: Pepa mwanawe, zimenezo n'zomvetsa chisoni. Koma mankhwala ake n'kuphunzira. Manual si ufiti.

Msungichuma: Safunsa anadya phula. Achimwene a Mwale muli pagulu pano, ndinu makaniko, tatithandizani. Ine nkhawa yanga ndi mafuta komanso zokonzetsa, chifukwa kugula n'kamodzi koma kudyetsa galimoto n'kwa tsiku ndi tsiku.

Achimwene Mwale: Ndinali pansi pa galimoto, ndangosamba kumene m'manja. Ndiyambe ndi za a Phiri, chifukwa akunena zoona. Mu otomatiki, pakati pa injini ndi giyabokosi mulibe klatchi yoponda ndi phazi. Muli chinthu chotchedwa torque converter. Ganizirani mafani awiri oyang'anizana atamizidwa mu oyilo: ina ikazungulira imakankha oyilo, oyiloyo n'kuzunguza inzake. Pampu yopopa oyiloyo imayendetsedwa ndi injini. Ndiye injini ikakhala chete, oyilo sapopedwa, magiya sagwira, ndipo matayala ngakhale agudubuzike bwanji sangazunguze injini. Chifukwa chomwechonso otomatiki ikafa panjira simuikoka ndi chingwe mtunda wautali. Zitsulo za m'kati zimazungulira zouma, giyabokosi n'kupsa. Muyenera kumasula propshaft, chitsulo chachitali chotumiza mphamvu kuchoka ku giyabokosi kupita ku matayala, kapena kuikweza galimotoyo pa lole.

Komabe a Phiri, kukankha kuja kunali kodalirika pa injini zakale, monga 5L ija. Injini ya 2.8 iyi ndi ya common rail, ma injector ake, opopera dizilo mu injini, amatsegulidwa ndi kompyuta. Batire ikangofooka pang'ono, inde manual mukankha ilira. Ikafa ndithu, kompyuta ilibe moto, ndipo mungotopetsa anyamata. Pamenepo onse awiri afunika zingwe zojampira.

Bambo Phiri: Nanga sitata ikafa batire ili bwino?

Achimwene Mwale: Pamenepo mwapambana ndinu. Manual mukankha, mufika kunyumba. Otomatiki igona pomwepo.

Msungichuma: Za mafuta zija?

Achimwene Mwale: Mbiri yoti otomatiki imamwa mafuta inachokera ku zakale za magiya atatu kapena anayi. Hilux ya 2.8 yamtundu uwu, yomwe inayamba kutuluka mu 2015, ili ndi magiya 6 konsekonse, manual ndi otomatiki yomwe. Ndiponso liwiro likakhazikika, converter ija imadzitseka n'kugwirana ngati klatchi, mphamvu osatayikanso mu oyilo. Manual imaposabe pang'ono ikakhala ndi dalaivala wodziwa, koma phazi la woyendetsa limamwa mafuta kuposa giyabokosi. Munthu woyenda pa giya yachitatu pamalo ofunika yachisanu adzakuonongerani zambiri.

Pa mphamvu yokoka, mwina ena adabwa. Pa injini ya 2.8 ya chaka chimenecho, Toyota inapatsa manual 420 Nm, otomatiki 450 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yokokayo). Ataikonzanso mu 2020, otomatiki inakwera kufika 500 Nm, manual inatsala pa 420 pomwepo. Choncho zoti otomatiki ndi yaulesi pa katundu, pa galimoto iyi si zoona.

Chimwemwe: Akuluakulu, ndiponyepo kanga. Ngakhale Land Cruiser 79, yomwe anthu ankati singasinthe mpaka kalekale, kumapeto kwa 2023 inayamba kutuluka ndi otomatiki ya magiya 6. Ford Ranger ili ndi ya magiya 10. Opanga magalimoto ambiri akulowera kumeneko, ndiye m'tsogolomu amakaniko odziwa otomatiki azichuluka.

Bambo Phiri: Chimwemwe, ife sitikugulira dziko lonse, tikugulira msewu wathu. Ukudziwa chitunda chija. Ukamatsika utasenza simenti matumba 20, amenewo ndi makilogalamu 1,000, galimoto imachita kukukankha kumbuyo. Tsiku lina ndinakwera ndi mnyamata wina pa otomatiki, phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba. Tisanafike pakati, fungo la chitsulo chopsa linadzaza m'kati, buleki inayamba kulowa pansi ngati akuponda siponji. Titaima, utsi unkatuluka m'matayala akutsogolo, ndinalavulira pa limu malovu anachita kuwira. Pa manual ndikanaika giya yachiwiri, injini n'kumagwira yokha. Ndi zimenezi ndikuopa, makamaka kumbuyo kuli wodwala.

Achimwene Mwale: Mnyamatayo anasiya giya pa D, pomwe galimoto imasankha yokha magiya, vuto linali pamenepo. Otomatiki nayo imagwira ndi injini, koma uyenera kuiuza. Pa zakale pali 2 ndi L. Pa iyi mumakankhira ndodo ya giya ku S, pomwe mumasankha giya nokha, n'kutsitsa mpaka 2. Potsetsereka poopsa ndithu, mumaima, kuika pa N (nyutirolo), kulowetsa 4L, giya ya 4x4 yamphamvu koma yoyenda pang'ono, imatsika pang'onopang'ono ngati ikuyenda wapansi. Ndivomera kuti manual imagwira molimba kuposa, makamaka pa giya yoyamba. Koma munthu woti sadziwa zotsitsa giya pa otomatiki, pa manual adzachita choopsa kwambiri: adzaponda klatchi potsika, galimoto n'kumasuka.

Tsono ndikuuzeni chomwe chimandidetsa nkhawa ine, poti ndi chimene ndimaona m'galaja sabata ndi sabata. Galimoto yoyendetsa anthu ambiri imadya klatchi. Aliyense ali ndi phazi lake. Wina amasiya phazi litatsamira pa klatchi ulendo wonse. Wina pachitunda amaimika galimoto ndi klatchi m'malo mwa handibuleki. Wina imati ikatitimira m'matope, amaponda mafuta uku klatchi ili theka, mpaka fungo lake kumveka patali. Panali pikapu ya bungwe lina, sinditchula, ndinaisintha klatchi kawiri chaka chimodzi. Ulendo wachiwiri nditatsitsa giyabokosi, fumbi lakuda linanditayikira kumaso, mbale ya klatchi itadyeka mpaka misomali yake kuonekera, flywheel ili ndi zipsera zabuluu chifukwa cha kutentha. Dalaivala aliyense ankaloza mnzake. Ndipo pa 4x4 kusintha klatchi si ntchito ya ola limodzi: mumasula ma propshaft onse awiri, mutsitsa giyabokosi ndi transfer case yomwe, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, tsiku latha.

Mayi Nkhoma: Ndiye mukutiuza kuti tigule otomatiki?

Achimwene Mwale: Dikirani mayi, mbali inayo nayo ili ndi minga. Klatchi imapereka chenjezo. Imayamba kuterereka, mumamva injini ikukuwa koma liwiro osakwera, mumakhala ndi masabata okonzekera. Ndipo makaniko aliyense wa masipanala ake angathe kuisintha pansi pa mtengo. Otomatiki imakhala zaka zambiri osadandaula, koma tsiku lomwe yadwala, ine ndemwe sinditsegula. M'kati muli valve body, ma solenoid, timipata ta oyilo tating'ono ngati mitsempha. Pamafunika kompyuta yoyezera ndi katswiri wake, ndipo nthawi zambiri mapeto ake n'kugula giyabokosi ina yathunthu. Ndalama yake ingagule maklatchi angapo, galimoto ili chiimire mwezi.

Mdani wa otomatiki ndi kutentha. Katundu wolemera, chitunda chachitali, kuzunguza matayala m'matope osapumira, zonsezi zimawotcha oyilo. Oyilo wabwino amakhala wofiira, wowala. Akada n'kumanunkha chopserera, dziwani kuti m'kati zinthu zayamba kudyana. Vuto lake, Hilux zimenezi zilibe dipstick ya giyabokosi, kandodo koyezera oyilo kaja, ndiye mwini wake sangangosolola n'kuona. Ambiri sasintha n'komwe. Pogula yoyendapo kale, apa ndi pomwe munthu amagula matenda a mnzake.

Anabanda: Nanga m'matope? Chifukwa odwala ambiri timavutika nawo nthawi ya mvula.

Achimwene Mwale: M'matope ndi mumchenga, kwa munthu wosazolowera, otomatiki ndi yabwino. Mphamvu siiduka posintha giya. Pa manual ukangoponda klatchi pakati pa thope, galimoto imataya liwiro, n'kukhala pansi. Powoloka madzi n'chimodzimodzi, suyenera kuponda klatchi uli m'kati, madzi amatope amalowa pakati pa mbale. A Phiri angadutse poterepo ndi manual maso ali chitsinzire. Achemwali Anabanda usiku, mvula ili pamsana, wodwala akubuula kumbuyo, ndingakonde manja onse awiri akhale pa chiwongolero.

Mayi Nkhoma: Ine ndikuonabe kuti atatuwo aphunzire. A Phiri alipo, angawaphunzitse.

Anabanda: Kuphunzira sindikukana, mayi, ndipo ndiyamba ngakhale mawa. Koma tidzaphunzirira pa klatchi ya gulu, yomwe achimwene angoifotokozayi. Ndiponso kudziwa kuyendetsa pabwalo masana n'kosiyana ndi kunyamuka pachitunda choterera uli ndi mantha.

Chimwemwe: Pali china choti tifufuze. M'maiko ena, monga South Africa ndi UK, ukayesedwa pa otomatiki chiphaso chako chimakuloleza otomatiki yokha. Ena mwa ife ziphaso tinatengera kunja. Aliyense ayang'ane chake, kuopa kudzakanganirana ndi a inshuwalansi ngozi itachitika.

Msungichuma: Mfundo imeneyo ndailemba. Koma achimwene a Mwale, musatisiye m'malere. Ndalama zikanakhala zanu, mukanatenga iti?

Achimwene Mwale: Ndiyankha mosabisa. Gulu likalemba dalaivala mmodzi wokhazikika, wogona pafupi ndi galimoto, woti makiyi sachoka m'thumba mwake, tengani manual. Idzakhalitsa, ndipo ikavuta ndidzaikonza ndekha. Koma ngati makiyi aziyenda m'manja asanu monga zilili panopa, ine ndikutenga otomatiki. Pokhapokha ndiione ndekha. Ndikufuna buku lake la sevisi. Ndikufuna ndiipeze m'mawa injini ili yozizira, osati atayiwotha kale. Ndikachotsa pa P kupita pa D igwire msanga, osadikira, osagunda. Posintha magiya panjira injini isakuwe kaye isanagwire. Ndidzamasula pulagi ndione oyilo ndi maso anga, ndimununkhize. Chimodzi mwa izi chikalakwika, tiisiye, ngakhale penti ikuwala bwanji. Manual nayo ndiiyesa: giya yachisanu pa liwiro lochepa, kuponda mafuta mpaka pansi, ndione ngati klatchi ikuterereka, komanso ndimve ngati yachiwiri ikukukuta polowa.

Tikagula otomatiki, tsiku loyamba tisinthe oyilo wa giyabokosi ndi woyenera wake weniweni, osati aliyense wofiira. Zingwe zojampira zizikhala kuseri kwa mpando. Ndipo pa dashibodi timate pepala: osaikoka ndi chingwe, osaposa katundu wake, potsika gwiritsani S.

Bambo Phiri: Mwalankhula bwino, achimwene, koma funso langa silinayankhidwe. Ikadzafa giyabokosi nthawi ya dzinja, katswiri ali kutali, ndalama m'thumba la gulu mulibe, odwala adzakwera chiyani mwezi wonsewo?

Anabanda: Ndipo ikakhala yamoyo koma woyendetsa palibe, adzakwera chiyani, malume? Usiku uja galimoto inali yabwinobwino.

Bambo Phiri: Ndakumva. Sindinasinthe maganizo, koma ndakumva.

Wapampando: Zikomo nonse. Ndawerenga kuyambira pamwamba, ndipo ndikuona kuti sitingasankhe giya tisanadziwe za dalaivala. Tichite motere. A Msungichuma, pofika Lachitatu mutiuze ngati zopereka za pamwezi zingakwanitse kulipira dalaivala wokhazikika chaka chathunthu, mafuta ndi sevisi zitachotsedwa. Muonenso ngati tingamapatule kangachepe mwezi uliwonse kosungira giyabokosi, pa nkhawa ya a Phiri ija. Asanu a ziphaso aja, tumizani zithunzi za ziphaso zanu kwa a Mlembi, kumbali, osati pagulu pano. Achimwene a Mwale, Lachinayi m'mawa mukaone magalimoto onse awiri, thiransipoti ilipira komiti. Loweruka madzulo tivota pompano.

Achimwene Mwale: Lachinayi ndilipo. A Mlembi, muwauze ogulitsawo asailize galimoto ndisanafike.

Bambo Phiri: Nane ndipita nawo. Ndipo muwapemphe atilole tiikemo katundu, ndikufuna nditsike nayo chitunda pa S ameneyo ndimve ndekha mmene ikugwirira. Anabanda, ngati suli pa ntchito tsiku limenelo, tiye, ukayendetseko zonse ziwiri ine ndili pambali.

Anabanda: Ndisinthana ndi mnzanga. Mundipeza pamsewu 6 koloko.