Ndikupempha malangizo pa ulendo wa ku Chatsworth House

Abale ndi alongo amene mukukhala kuno ku Britain, ndikupempha nzeru zanu. Mayi anga abwera kuchokera kumudzi kudzationa, ndipo popeza ndi munthu wokonda maluwa ndi ntchito za kudimba, ndikufuna kupita nawo ku Chatsworth House, nyumba yakalekale ya banja la Cavendish ku Derbyshire, m'mwezi wa Meyi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mawondo awo. Munda wa panyumbapo ndi wa maekala 105, mbali ina uli pachitunda, koma ndikufunitsitsa kuti akaone kasupe wotchedwa Emperor Fountain, amene Joseph Paxton, mkulu wa osamalira mundawo panthawiyo, anamanga mu 1844, yemwe amaponya madzi m'mwamba popanda injini, pongodalira mphamvu ya madzi otsika kuchokera m'dziwe la pamwamba pa phiri. Kodi munthu wachikulire woyenda ndi ndodo angathe kufika pakasupepo osavutika? Nanga njinga za olumala amabwereketsa pomwepo, kapena tiyenera kusungitsiratu?

Komanso, kodi n'kwanzeru kuona nyumba ndi munda tsiku limodzi, kapena tingogula matikiti a munda wokha? Tidzanyamukira ku Sheffield pa basi, choncho amene munayendapo njira imeneyi mundiuzeko nthawi yabwino yonyamukira kuti mayi asakatope tisanayambe n'komwe kuzungulira.