Bwanji sanaivuule sitima ya Royal Oak kuti anyamatawo akaikidwe m'manda?

Nabanda wa ku Aberdeen:

Abale, pali nkhani yomwe ikundisowetsa tulo chibwerereni ku zilumba za Orkney, kumpoto kwa Scotland, sabata yatha. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Aberdeen, ndiye nditapeza masiku atatu opuma ndinakwera sitima kupita ku Kirkwall, tauni ya ku Orkney, kukangopitidwa mphepo. Za nkhondo sindinkaziganizira n'komwe.

Mvula itandipeza m'tauni ndinathawira m'tchalitchi chachikulu cha St Magnus, cha miyala yofiira. Chakumbali ndinaona belu lapachikidwa, ndipo m'munsi mwake muli buku la maina m'bokosi la galasi. Belulo ndi la HMS Royal Oak, sitima ya nkhondo ya Britain imene inamira pa doko la Scapa Flow, ku Orkney konko, usiku wa pa 14 Okutobala 1939. Sitima ya Germany yoyenda pansi pa madzi, U-47, inalowa mozemba pa kampata ka Kirk Sound n'kuiphulitsa anthu ambiri ali m'tulo. Anafa anthu 835, ndipo oposa 100 anali anyamata osakwana zaka 18. Wanga woyamba, amene ndinamusiya ndi agogo ake kumudzi, ali ndi zaka 16. Ndinaima pa bukulo mpaka miyendo kuwawa.

Mawa lake bambo wina wachikulire woyenda ndi galu anandilozera chizindikiro chobiriwira choyandama pamadzi, osati patali kwenikweni ndi gombe. Anati sitimayo ili pomwepo, yagona chadodolido pa mamita ngati 30 okha, ndipo ambiri mwa anthu aja ali momwemo mpaka lero. Kwathu munthu akamira, mudzi wonse sugona mpaka thupi lipezeke. Nanga apa bwanji? Ndamva kuti pa doko lomweli anavuula sitima zikuluzikulu za Germany. Chinawaletsa n'chiyani kuvuula iyi, amayi a anawo akhale ndi manda oti azikalirapo?

Mphunzitsi Wopuma:

Mayi Nabanda, sitima za Germany zija nkhani yake ndi ina. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha mu 1918, sitima 74 za Germany zinasungidwa pa Scapa Flow podikira pangano la mtendere la ku Versailles. Mkulu wa sitimazo, Ludwig von Reuter, ankaopa kuti adani azilanda. Pa 21 Juni 1919 analamula anyamata ake kutsegula zibowo zonse kuti madzi alowe, ndipo 52 zinamira tsiku lomwelo. Anthu anali atatsikira m'maboti, choncho zinamira zopanda anthu. Ajeremani 9 amene anafa anachita kuwomberedwa ndi asilikali a Britain pa chipwirikiticho.

Amene anadzazivuula anali amalonda ofuna chitsulo. Ernest Cox, munthu wogula zitsulo zakutha, anayamba mu 1924. Ankatseka mabowo, kupopera mpweya m'kati, sitima n'kuyandama, zina chadodolido, n'kuzikokera ku doko la Rosyth kukaziphwasula. Imodzi mwa sitimazo, Hindenburg, inamuvuta zaka zingapo mpaka anaitulutsa mu 1930. Zazikulu 7 zinatsala pansi, ndipo alendo amalipira ndalama kuti akalowe m'madzi kukaziona.

Ndiye taganizani kuchita zimenezo ndi sitima yodzaza mitembo ndi zipolopolo zosaphulika. Royal Oak boma linaisandutsa manda, ndipo lamulo la 1986 limaletsa kulowa pamenepo popanda chilolezo. Chaka chilichonse asilikali a pamadzi amatsika kukasintha mbendera pa sitimayo. Mitembo yochepa imene inapezeka inaikidwa ku manda a asilikali ku Lyness, pa chilumba cha Hoy, komwenso kuli Ajeremani aja.

Che Mangochi:

Achemwali, musaiwale kuti nafenso tili nazo. Pafupi ndi mlatho wa ku Mangochi, pa nsanja ya wotchi ija, pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Germany, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Ana amakwerapo kusewera. Pomwepo palinso chikumbutso cha Vipya, imene inamira mu 1946 cha ku Chitimba n'kupha anthu 145. Imeneyo sinali ya nkhondo, koma nayonso ili pansi pa nyanja mpaka pano. Agogo anga ankati akamadutsa cha kumeneko pa Ilala ankavula chipewa. Ife a kunyanja timadziwa kuti madzi ena sabweza, ndipo maliro timalira ndithu.

Chisale_Glasgow:

Ine ndili mbali ya mayi Nabanda. Kunena kuti nyanja ndi manda n'kosavuta ukakhala kuti si mwana wako. Chimene chimandipweteka n'chakuti akuluakulu a nkhondo ankadziwa kuti mipata yolowera pa dokolo sinatsekeke bwino. Anthu atafa m'pamene Churchill, amene panthawiyo ankayang'anira asilikali a pamadzi a Britain, analamula kumanga zipupa zinayi zotseka mipatayo, zimene lero ndi msewu. Ngati munadutsapo, pa kachilumba ka Lamb Holm pali katchalitchi kamene akaidi a ku Italy omanga zipupazo anapanga ndi tinyumba tiwiri ta malata. Nyali zake zina anapangira zitini za nyama.

Nabanda wa ku Aberdeen:

Zikomo nonse. Aphunzitsi, za kuphwasula ku Rosyth zandigwira mtima. Ndinkaganiza kuti kuvuula ndiye ulemu, osaganizira kuti kuti afike pamene pali anawo akanayenera kudula zitsulo n'kusokoneza mafupa. Komabe achimwene a Chisale sananame, mtima wa mayi sungakhutire ndi chizindikiro choyandama.

Katchalitchi ka akaidi a ku Italy kaja ndinakalowa. Makoma ake amaoneka ngati njerwa zenizeni, koma nditayandikira ndinaona kuti ndi penti chabe. Ku Lyness kokha sindinafike, nthawi inandithera. Ndaona kuti pa 14 Okutobala pamakhala mwambo, abale amapita pa boti kukaponya nkhata za maluwa pamalopo. Ndapempha kale tchuthi ku ntchito. Ngati pali wina wa kuno ku Scotland amene angandiperekeze, andilembere kumbali tigawane za malo ogona.